Mpangankhani wanga wadwala misala: ndimulembe bwanji kuti akhalebe munthu?

Nagama

Moni nonse. Ndili mkati molemba nthano yaitali m'Chichewa. Mpangankhani wamkulu ndi mnyamata wa zaka 22, telala wa pakhonde la sitolo, yemwe akuyamba kudwala misala nkhani ili pakati. Vuto ndi lakuti ndikawerenga zomwe ndalemba ndikupeza wamisala yemwe uja wa m'masewero: nsanza, kuseka yekha, kutoleza m'mabini, kenako n'kulankhula zanzeru zoposa za anyakwawa. Ameneyo sindikumufuna.

Inu amene mumawadziwa matendawa, kodi amayamba bwanji kwenikweni, ndipo mawu omwe wodwala amamva amakhala otani? Inu owerenga kwambiri, ndi mabuku ati omwe anakhoza pa nkhaniyi, ndipo anakhoza pati? Komanso ndilembe ngati akufotokoza ndi iye mwini, kapena ndizimuonera kunja?

Mbewe

A Nagama, yambani mwaliika padera liwu loti misala, chifukwa m'liwu limeneli timaponyeramo matenda ambiri osiyana, ndipo wolemba akawasakaniza mpangankhani amatuluka wabodza.

Munthu yemwe wayamba kubwebweta usiku umodzi, thupi lili moto, sakudziwa komwe ali ngakhale tsiku, akuona tizilombo tikuyenda pakhoma, masana akupezako bwino usiku n'kuyambiranso, nthawi zambiri vuto lake lili m'thupi: malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, kapena ndi chidakwa chomwe chasiya mowa mwadzidzidzi, zomwe zimabuka pakatha masiku awiri kapena atatu chisiyireni. Wotereyu akathandizidwa msanga amachira m'masiku ochepa, akachedwa amatha kumwalira. Wina amatha sabata yathunthu osagona koma osatopa, kulankhula kosapumira, kugawa katundu, kutenga ngongole paliponse, kudzitcha mneneri. Ameneyo ndi wa bipolar, ndipo pakapita nthawi amatha kugwa m'chisoni chozama osafuna n'kudzuka komwe. Telala wanuyo, potengera msinkhu wake, akuyenerana ndi schizophrenia. Mwa amuna imakonda kuyamba akamayandikira zaka 20 kapena atangozipitirira, mwa akazi mochedwerapo, ndipo imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 300 alionse.

Imeneyi siyamba ndi kuvula zovala. Kwa miyezi, nthawi zina chaka kapena kupitirira, zomwe abale amaona ndi zazing'ono. Akuchedwetsa mayunifolomu a ana a eni, akusoka n'kumasulanso msoko womwewo, kumpira wasiya kupita, masana akugona usiku n'kumayendayenda, kusamba mpaka achite kumuuza. Kunyumba amati ndi ulesi, mwano kapena chamba. Mkati mwake iye akumva kuti china chake chasintha padziko, koma sakuchipeza. Anthu awiri akaseka pamsika, akuseka iye. Minibasi ikaliza hutala kawiri, ndi chizindikiro. Woulutsa mawu pawailesi akati "nonse kumeneko", akunena iye. Nyengo imeneyi imakhala ya mantha aakulu, ndipo tsiku lomwe wapeza yankho lake, mwachitsanzo kuti mwini sitolo anabisa kachipangizo m'makina osokera kuti azimva maganizo ake, mtima umakhala ngati wakhazikika, chifukwa zonse zomwe zinali balalabalala zagwirizana. Apa ndi pomwe olemba ambiri amaphonya. Chikhulupiriro chabodzacho chimafika ngati mpumulo, n'chifukwa chake kumutsutsa sikuphula kanthu. Mukalimbikira kumutsutsa amangokuwerengerani kugulu la omuchitira chiwembu.

Mawuwo amawamva ndi khutu, ngati akuchokera kuseri kwa chitseko kapena padenga, osati ngati ganizo la mumtima. Kawirikawiri amakhala afupiafupi ndi obwerezabwereza, sachita kulakatula ndakatulo. Amatha kumulondola pa chilichonse chomwe akuchita: "watenga sizasi, wayiika pansi." Awiri amatha kumukambirana ngati mwiniyo palibe. Ena amatukwana, ena amalamula. Amakula akakhala yekha, akatopa, kapena pakakhala phokoso losalekeza ngati la makina, la fani, la mvula pamalata. Akamacheza ndi munthu amachepa. Pamenepa muli ndi zochitika zoti muonetse osafotokoza: amakweza wailesi mpaka kumapeto, amatseka makutu ndi kansalu, amaima chiganizo chili pakati n'kutembenuzira mutu kumbali ngati wina wamuitana, milomo imagwedera chamumtima. Kuona zinthu kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi kumva. Mukadzaza nthano ndi zideruderu, wodziwa adzaganiza kuti mukufotokoza malungo kapena mowa.

Musaiwalenso zomwe matendawa amachotsa mwa munthu, chifukwa ndi zomwe zimatopetsa banja kuposa mawu aja: nkhope yosasintha, mayankho a liwu limodzi, kukhala pampando tsiku lonse osayambako kanthu. Za nkhanza, alipo ochepa omwe amavulaza anthu, makamaka akakhala kuti sakulandira mankhwala, ali ndi mantha, ndiponso akumwa kapena kusuta. Ambiri ndi omwe amamenyedwa, kumangidwa zingwe, kuberedwa, akazi kugwiriridwa. Ngozi yaikulu ili pa moyo wake womwe. Pafupifupi mmodzi pa odwala 20 amadzipha, kawirikawiri m'zaka zoyambirira, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi atangotuluka m'chipatala, mutu utayamba kugwira n'kuona zomwe wataya.

Nankhoma

Kuyamba kwapang'onopang'ono komwe afotokoza a Mbeweku, Nikolai Gogol anakulemba kale mu 1835 m'nthano yaifupi ya Diary of a Madman, dzina loti schizophrenia lisanapekedwe n'komwe, poti analiyambitsa ndi Eugen Bleuler mu 1908. Poprishchin ndi kalaliki wotsika ku St Petersburg, wosongola nthenga zolembera za bwana, mtima uli pa mwana wamkazi wa bwanayo. Masamba oyamba ndi madandaulo wamba a munthu wonyozeka pantchito. Kenako, osakweza mawu n'komwe, akutiuza kuti wamva agalu awiri akucheza, n'kudzitonthoza kuti zoterezi anaziwerengapo kale. Atawerenga m'nyuzipepala kuti mpando wachifumu ku Spain uli wopanda munthu, nkhaniyo ikumusowetsa mtendere kwa masiku, mpaka tsiku lomwe akulemba deti loti 43 April 2000 n'kulengeza kuti mfumuyo yapezeka, ndi iyeyo. Ziganizo zake zimakhalabe zolongosoka pafupifupi mpaka kumapeto. Chomwe chimasweka poyamba ndi madeti a pamwamba pa tsamba. Atamutengera kuchipatala, iye akuti wafika ku Spain, ndipo ndodo zomwe akumumenya nazo akuti ndi mwambo wa kumeneko polonga munthu paudindo waukulu. Wowerenga akuona chipatala, mpangankhani akuona nyumba yachifumu, m'chiganizo chimodzi chomwecho.

Ndiye kulemba ngati akufotokoza ndi iye mwini n'kotheka, koma njira yake ndi imeneyi: aziona molondola, azimasulira molakwika. Cholakwika chofala ndi kulemba ziganizo zodukaduka zopanda mutu poganiza kuti misala ndi imeneyo. Wowerenga amatopa patsamba lachiwiri, n'kuima patali kumaonerera, chikhalirecho inu mukufuna kuti akhale pamakina pomwepo mantha akumugwira naye.

Njira ina ndi ya Virginia Woolf mu Mrs Dalloway, buku la 1925. Wofotokoza nkhani amalowa m'maganizo a Septimus, msilikali yemwe anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kutuluka kulowa m'maganizo a mkazi wake Rezia, atakhala pabenchi limodzi. Iye akumva mpheta zikuimba m'Chigiriki ndipo akuona mnzake Evans yemwe anafera kunkhondo. Rezia akuchita manyazi kuti odutsa akumumva mwamuna wake akulankhula yekha, ndipo alibe womuuza, kwawo ku Italy kuli kutali. Ndime yopweteka kwambiri m'bukumo si ya masomphenya. Ndi yomwe Septimus wakhala bwino kwa kanthawi, akuthandiza mkazi wake kukongoletsa chipewa, akuseka limodzi ngati kale, kenako dokotala Holmes akukwera masitepe ndipo iye akudziponya pawindo. Mupatseni telala wanu masiku abwino, masiku omwe wadula diresi n'kukhala bwinobwino. Popanda masiku amenewo wowerenga sadziwa chomwe chikutayika.

Kuno ku Africa yambani ndi A Question of Power la Bessie Head, la 1973. Mayiyu anabadwira m'chipatala cha odwala misala ku Pietermaritzburg mu 1937, anasamukira ku Botswana mu 1964, ndipo naye anagonekedwapo kuchipatala cha ku Lobatse. Elizabeth wa m'bukumo usiku amazunzidwa ndi amuna awiri a m'masomphenya, Sello ndi Dan. Masana amalima dimba la ndiwo zamasamba ndi mnzake Kenosi, kusamala mbande, kuphika jamu, kulera mwana wake wamwamuna. Buku lake ndi lolemera, magawo a usiku amatalika moti ena amalisiyira panjira, ndipo m'kuona kwanga dimba lija ndi lomwe limaligwira kuti lisamwazike. Kwa inu dimba ndi makina osokera aja. Muzibwererako pafupipafupi, chifukwa wowerenga adzayeza kukula kwa matenda ndi kuwongoka kwa msoko.

Zopewa ndi ziwiri zodziwika. Mu Jane Eyre, la 1847, Bertha Mason ndi mkazi wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba yemwe timangomva kuseka kwake, amaluma, amatentha nyumba, n'kufa kuti banja latsopano litheke. Si munthu, ndi chopinga cha m'nkhani. Jean Rhys anachita kulemba buku lonse, Wide Sargasso Sea, mu 1966, kuti amubwezere dzina lake, ubwana wake ku Jamaica ndi mawu ake. Chachiwiri ndi cha Jekyll ndi Hyde, cha munthu mmodzi wokhala ndi anthu awiri mkati, wabwino ndi woipa. Ambiri amaganiza kuti schizophrenia ndi imeneyo, pomwe sizigwirizana m'pang'ono pomwe. Telala wanu ndi munthu mmodzi yemweyo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Gondwe

Nditsutseko pang'ono. A Nagama akuthawa wamisala wolankhula zanzeru, ndipo akuchita bwino, koma asataye nawo mwambi uja woti wamisala anaona nkhondo. Mwambiwu sunena kuti misala imapatsa munthu uneneri. Umadzudzula omvera, omwe akangomutcha munthu wamisala amatseka makutu ngakhale akunena zoona.

Chinua Achebe anagwira pomwepo m'nthano ya The Madman, yomwe ili m'buku la Girls at War la 1972. Nwibe ndi munthu wolemera, wolemekezeka, wokonzekera kulandira ulemu wapamwamba wa ozo. Akusamba kumtsinje, wamisala weniweni akumutengera nsalu yake. Iye mwaukali akumuthamangitsa ali maliseche mpaka kulowa mumsika, anthu n'kuona chiyani? Wovala akuthawa, wamaliseche akukuwa. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chomwe wanena ndi umboni wa misala, sing'anga yemwe "wamuchiritsa" akutchuka, ndipo nkhani ya ulemu uja akuluakulu akuizemba mwaulemu. M'nthano yanu zimenezi zibwere telala atatuluka m'chipatala. Anene kuti wina anamutengera nsalu za makasitomala ali kogonekedwa, zikhale zoonadi, koma pasapezeke womukhulupirira. Adandaule m'mimba, amuuze kuti ndi mutu womwewo.

Pa za ufiti, musaweruze m'malo mwa wowerenga, ndipo musawasandutse abale ake zitsiru. M'mabanja ambiri njira imakhala ya kumapemphero, kwa sing'anga, kenako kuchipatala patapita miyezi, kawirikawiri akasiya kudya kapena akaswa zinthu, ndipo amafikako atamangidwa. Gawani zifukwazo kwa anthu: amayi ake akuti walodzedwa, amalume akuti anaphonya chizimba pofuna kuti makasitomala achuluke, mlongo wake akuti ndi chamba, mnansi akuti zili kumtundu. Mkangano wa amalume ndi bambo ake woti alamule ndani komupititsa ungakupatseni chaputala chathunthu. Dziwaninso kuti kukhulupirira ufiti pakokha si chizindikiro cha matenda. Ogwira ntchito zachipatala amayang'ana ngati anthu akwawo omwe, okhulupirira ufitiwo, akuti apa zapyola.

Chamba musachisandutse chilango cha m'nthano za kusukulu. Chimawonjezeradi chiopsezo, makamaka kwa oyamba ali ang'ono ndi osuta tsiku ndi tsiku, koma misala yobwera ndi chamba chokha imatha pakapita masiku kapena masabata ochepa munthu atasiya. Ikapitirira mwezi, pali china. K. Sello Duiker mu The Quiet Violence of Dreams, la 2001, akuyamba ndi Tshepo ali m'chipatala cha Valkenberg ku Cape Town atamulembera kuti vuto lake ndi chamba, kenako bukulo likufukula zomwe zinali pansi, kuphatikizapo imfa yankhanza ya amayi ake.

Nagama

Zikomo kwambiri nonse, machaputala atatu oyamba ndiwalembanso. Chatsala ndi mathero. Ndimaganiza kuti amutengere ku Zomba, amubaye jakisoni, agone masiku awiri, adzuke ali bwino n'kubwerera pamakina ake. A Mbewe, zingatheke?

Mbewe

Sizingatheke, a Nagama, ndipo mukatero mutaya gawo lonona la nkhani yanu.

Choyamba, sangolunjika ku Zomba. Amayambira kuchipatala chaching'ono kapena cha boma lakwawo, komwe amamuyeza malungo, shuga ndi HIV kuti aone ngati vuto silili m'thupi, ndipo ambiri amathandizidwa konko. Ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu kwa akumpoto, amatumizako omwe zavuta. Jakisoni wa tsiku loyamba ntchito yake ndi kumukhazika pansi kuti agone, sachotsa matenda. Mankhwala enieni ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku, monga chlorpromazine, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952 ndipo ambiri amamudziwa kuti largactil, kapena haloperidol. Tulo ndi kusakhazikika zimasintha m'masiku oyamba. Mawu aja amatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, ndipo sazima ngati nyali. Amayamba kumveka patali, amabwera mwa apo ndi apo, amasiya kumulamula. Chikhulupiriro chabodza ndi chomwe chimachedwa kwambiri, ndipo kawirikawiri wodwala sanena kuti ndinalakwitsa. Amangosiya kuchitchula, ukamufunsa n'kunena kuti "za makina zija anasiya."

Ndiye pali zovuta za mankhwalawo, zomwe olemba saziika koma wodwala aliyense amazidziwa. M'masiku oyamba, makamaka kwa anyamata omwe akumwa haloperidol, khosi limatha kupindika, lilime kutuluka, maso kutembenukira m'mwamba. Abale akaona zimenezi amati achipatala amuwonjezera matenda, kapena kuti mizimu yakana mankhwala, pomwe zimatha msanga akapatsidwa benzhexol, yemwe ambiri amati artane. Pakapita masabata thupi limauma, amayenda mokwekwereza mapazi manja osagwedezeka, dovu limatuluka, manja amanjenjemera. Ena amalephera kukhala pansi, miyendo imangofuna kuyenda, ndipo osadziwa amati matenda akula n'kufuna kuwonjezera mlingo, zomwe zimangoipitsa. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga padzuwa. Mphamvu za m'banja zimatha kuchepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe amuna amasiyira mankhwala osauza munthu.

Akadwala koyamba amayenera kumwabe kwa chaka chimodzi kapena ziwiri atapeza bwino. Akasiya, sadwala mawa lake. Masabata oyamba amapepukidwa, tulo tamasana timatha, manja amakhazikika, iye ndi abale onse n'kutsimikiza kuti anachira kapena kuti mapemphero agwira. Matenda amabwerera pakapita masabata angapo kapena miyezi, kuyambira ndi kusowa tulo komwe kuja. Kwa ovutika kumwa mapiritsi pali jakisoni wa fluphenazine, wodziwika kuti modecate, wobaya kuthako. Amayamba ndi 12.5 mg woyesera, kenako kawirikawiri 25 mg pakatha masabata awiri mpaka anayi alionse, ndipo tsiku lobwereranso amalilemba m'kabuku ka kuchipatala. Pa kabuku kameneka pali nkhani yambiri: ndani akusunga, ndani akupereka thiransipoti, chimachitika n'chiyani mwezi womwe wafika n'kumva kuti mankhwala atha.

Mathero oona alipo angapo. Ena amadwala kamodzi osadwalanso, ambiri amadwala n'kuchira mobwerezabwereza, ena mawu sawasiya koma amaphunzira kugwira ntchito ali nawo. Kubwerera pamakina n'kotheka ndithu, koma pakapita miyezi, osati masiku awiri, ndipo makasitomala oyamba adzakhala obweretsa zigamba ndi mazipi, osati nsalu ya ukwati. Cholepheretsa choyamba sichidzakhala mawu aja koma kulowetsa ulusi pasingano manja akunjenjemera. Akakanena kuchipatala amatha kumuchepetsera mlingo, kumuwonjezera benzhexol, kapena kumusinthira mankhwala ena monga risperidone akakhalapo. Kuti kusinthako kuoneke m'manja mwake pamatenga sabata imodzi kapena iwiri, ndiye m'masiku amenewo pafunika wina womulowetsera ulusi m'mawa uliwonse. Musankhe bwino kuti akhale ndani.